Mabotolo Ovala Masokosi

Meseji inalowa ndili pasinki, ndikukwecha mphika wa nyemba. Ndinapukutira dzanja limodzi pasiketi n'kutsegula foni mobisa, poti Anti Mildred anali kumbuyo kwanga komweko, akusita yunifolomu yawo ya kuchipatala.

"Bambo Phineas angochoka kumene. Anabwera mwadzidzidzi, ali ndi Willard. Aona mabotolo onse asanu ndi limodzi ali m'masokosi. Usaimbe. Usanene kanthu kwa wina aliyense."

Anali Greyson.

Ndinawerenga kawiri. Kachitatu zilembo zinayamba kuvina. Ndinabweza foni m'thumba n'kuyambanso kukwecha mphika uja mwamphamvu.

"Ukufuna uuboole?" anafunsa Anti osacheuka. "Wakulakwira chiyani mphikawo?"

"Palibe, Anti."

Anti Mildred ndi akulu awo a mayi anga, nesi pachipatala cha kuno ku Nuneaton, kufupi ndi Birmingham. Ndiwo ananditenga ku Dedza zaka ziwiri zapitazo, kundipezera malo pakoleji, n'kundipatsa kachipinda ka pamwamba pa masitepe. Viza yanga imatha pa 30 Sepitembala, ndipo apa tinali kale pakati pa Ogasiti wa 2006. Kuti a imigireshoni andiwonjezere nthawi, pamafunika kalata ya Anti yonena kuti ndimakhala kwawo ndipo akundisunga. Pasipoti yanga inali m'sutikesi yawo yokhoma, akuti kuopa kuti ingasowe. Ine Ndaziona, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, pasipoti yanga ndinkachita kupempha kuti ndiione.

Greyson atandifunsira mu Juni, vuto linali la nkhoswe. Malume anga enieni ali ku Linthipe, ndipo ndege amangoiona ikudutsa m'mwamba. Ndiye tinachita zimene Amalawi ambiri amachita kuno: kubwereka. Anti anabwereka Bambo Phineas, mkulu wa mpingo pa chiyanjano chathu cha ku Aston, munthu amene sitili naye chibale ngakhale cha m'maloto, kuti aime ngati malume, amufufuze mnyamatayo.

"Akanena kuti ndi wabwino, kalata ndilemba, chinkhoswe tivina," anatero Anti tsiku limenelo. "Akanena kuti ayi, ukwera ndege. Mayi ako sananditumizire mwana woti ndizimusungira zibwenzi."

Nanga Willard? Willard ndi nesi mnzawo wa Anti, wa mapepala okhazikika ndi galimoto yofiira. Anandifunsira kawiri, ndinamukana kawiri. Bambo Phineas alibe galimoto. Ganizani nokha amene anadzipereka kuwaperekeza ku Selly Oak, kumene Greyson amakhala, Loweruka masana, mwini nyumba asakudziwa.

*

Mabotolowo ndinawaveka masokosi ndine.

Greyson amagwira ntchito mu lesitilanti ina pakati pa tauni ya Birmingham. Anayamba ndi kutsuka matambula. Tsiku lina anauza bwana wake kuti botolo la vinyo limene amapita nalo kwa kasitomala lawonongeka, atangolinunkhiza likudutsa. Bwanayo analawa, anamuyang'ana, ndipo kuyambira pamenepo Greyson sanatsukenso tambula. Tsopano ndiye amauza anthu vinyo woyenerana ndi nsomba imene aitanitsa. Kutchalitchi amangoti ndi weita, zimene si bodza, koma si zonse.

Mu Okutobala anali ndi mayeso. Amakuikira matambula asanu ndi limodzi a vinyo woyera, opanda dzina. Iwe ununkhize, ulawe, ulavule, unene mtundu wa mphesa ndi dera limene wachokera. Pokonzekera pamafunika munthu wina wobisa mapepala a pa mabotolo n'kuwasakaniza, chifukwa munthu sangadzibisire yekha. Ana a ku yunivesite amene amakhala nawo nyumba imodzi anapita kutchuthi mu Juni. Anatsala ndani? Ine.

Loweruka lililonse ndinkauza Anti kuti ndikupita ku laibulale. Ndinkakwera sitima mpaka siteshoni ya New Street, kusintha, kutsikira ku Selly Oak. Greyson ankaima m'khonde atayang'ana khoma, akuimba besi ya nyimbo za kwaya kuti ndidziwe kuti sakusuzumira, ine ndikulowetsa mabotolo m'masokosi akuda.

"Bwerani, abwana a mphuno," ndinkatero. "Nachi choyamba."

Ankapukusa tambula pang'onopang'ono, n'kulowetsamo mphuno, maso atatsinzina.

"Mandimu. Mango aawisi, aja tinkadyera mchere. Ndipo kumbuyo kwake kuli fungo la thanthwe, mvula yoyamba ikangogwa." Ankapsontha pang'ono, kuyendetsa m'kamwa, n'kulavulira m'kandowa. "Shuga mulibe ndi pang'ono pomwe. Lilime likuuma ngati wadya malambe. Chablis ameneyu."

Ndinkavula sokosi. Chablis.

"Wasuzumira!"

"Ndimaimba, unandimva." Ankaseka. "Kumeneko ku France kumazizira, Nda. Dothi lake ndi loyera ngati choko, lodzaza tizigoba ta m'nyanja yakalekale. Mpesa umakula movutika. N'chifukwa chake vinyo wake sanyengerera munthu. Amangonena zoona n'kukusiya. Ngati wina wake amene ndimamudziwa."

Tsiku lina ndinalawako. Ndinathamangira kukandowa nkhope ili nyaa.

"Anthu amachoka kunyumba kwawo kudzamwa zowawasa chonchi?"

"Dikira. Tsopano ukumva chiyani m'kamwa?"

Ndinadikira. M'kamwa munali mutayera, ngati mwatsukidwa ndi madzi a pakasupe. Sindinamuuze. Koma anaona.

Chitseko cha chipinda chake chinkakhala chotsegula nthawi zonse, ngakhale m'nyumbamo munalibe wina wotiona. Faifi ikakwana ankandiperekeza kusiteshoni, atandigwira chala chimodzi chokha. Tchimo lathu lonse linali limenelo.

Sabata imeneyi Anti anali pa ofu Loweruka, choncho ndinapita Lachinayi pochokera kukoleji. Ndinaveka mabotolo, kuwasakaniza, n'kumusiyira kuti adzayesere yekha. Ndiwo amene Bambo Phineas anawapeza ali ndondondo patebulo, kandowa kali pambali.

*

Foni ya m'nyumba inalira Anti asanamalize kusita.

"Eee, bambo. Eee... Angati? ... M'chiyani?" Anazimitsa ayironi. "M'masokosi?"

Ndinapitiriza kutsuka mphika woyera kale.

Ataika foni pansi, anakhala pampando wa kukhitchini ngati munthu wochokera kumaliro. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa.

"Tseka mpopiwo. Khala apo."

Ndinakhala.

"Mnyamata wako ndi chidakwa. Osati chidakwa cha pabala, choimba nyimbo pamsewu. Chimenecho bola, anthu amachiona. Uyu ndi wobisa."

"Anti, mwina pali chifukwa..."

"Chifukwa ndikuchidziwa ine. Ankolo ako a Rapson ankabisa m'jombo. M'jombo, Ndaziona, kuseri kwa chitseko. Lamulungu ankawerenga mawu kutsogolo, tayi ili pakhosi. Ndinawaika m'manda ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, chiwindi chitauma ngati chikopa. Ine ndine nesi, ndinkagona nawo bedi limodzi, koma ndinadziwa mochedwa. Mwamuna akayamba kuveka botolo zovala, watha."

Mtima unandipweteka, chifukwa ankolowo ndinkawakumbukira, ndi maswiti amene ankatibweretsera. Koma Greyson si Rapson, ndipo mawu anali atafika kale pakhosi.

"Sabisa chifukwa cha manyazi, Anti. Amabisa kuti..."

"Kuti chiyani?" Anandiyang'ana m'maso. "Iwe ukudziwapo chiyani za zinthu za m'chipinda cha mwamuna? Unalowamo?"

Ndinapukusa mutu.

"Ayi, Anti."

"Ndiye khala chete. Mawa tikaweruka kutchalitchi abwera kuno onse. Afotokoze yekha, ali ndi pakamwa."

Ndinakwera kuchipinda kwanga, ndinaluma pilo. Munthu mmodzi yekha padziko lonse amene akanamuyeretsa Greyson ndinali ine. Koma kumuyeretsa iye kunali kudzidetsa ndekha, ndipo njira zonse ziwiri zimathera pa bwalo la ndege limodzi.

*

Holo imene timabwereka ku Aston ndi yaing'ono, ndipo nkhani imayenda mwachangu kuposa mbale ya chopereka. Pofika nyimbo yachiwiri, amayi a mzere wa kumbuyo anali atawachulukitsa mabotolo aja kufika makumi awiri. Greyson anaima pamalo ake a besi, kumapeto. Mnzake woyandikana naye anasendera pang'ono, ngati uchidakwa umapatsirana.

Titaweruka ndinatuluka msanga. Willard anali pamalo oimika magalimoto, atatsamira galimoto yake, akuseweretsa makiyi.

"Mlongo Ndaziona, pepani ndi zimene zachitikazi."

"Wamwalira ndani?"

"Ine ndinangoyendetsa galimoto basi."

"Nuneaton mpaka Aston, Aston mpaka Selly Oak, mafuta anuanu. Mulungu akudalitseni, mtumiki."

"Ndimakuteteza iwe."

"Tsegulani buti."

"Ati?"

"Buti ya galimoto yanuyi. Pa chikondwerero cha 6 Julayi azibambo munkapitako mmodzimmodzi ngati kuchimbudzi, n'kubwerako mukutafuna chingamu. Munkakapemphera kumeneko?"

Kumwetulira kunamuchoka, kenako kunabwerera, koma kwina.

"Ife sitiveka masokosi," anatero motsitsa mawu. "Ndipo ndinawayang'anitsitsa masokosi aja. Opindidwa bwino pakhosi pa botolo, onse mofanana. Ine ndakhala ndi anyamata m'nyumba zambiri. Mwamuna sapinda choncho."

Anatsegula chitseko cha galimoto n'kulowa, akuimba mluzu.

Greyson ndinamupeza kuseri kwa holo, pafupi ndi mabini a zinyalala. Anali atavala suti yake imodzi yomweyo, yaifupi manja.

"Ndinena kuti ndine," ndinatero ndisanamupatse moni.

"Ayi."

"Willard akudziwa kale. Wanunkhiza. Mphuno si iwe wekha uli nayo."

"Kukayikira si kudziwa. Ukangotsegula pakamwa, Anti akukweza ndege sabata yomwe ino."

"Ndiye unene kuti ndi mnzako wa kuntchito. Mzungu aliyense. David. Kuntchito kulikonse kuli David."

"Adzati ndibwere naye. Komanso, Nda, munthu ameneyo akuimira malume ako. Sindingamunamize."

Ndinamuloza ndi chala.

"Eti? Ine ndanama Loweruka lililonse kuyambira Juni chifukwa cha mayeso ako, lero woyera mtima ndiwe?"

"Sindikutanthauza choncho."

"Unawauza kuti ndiwe weita. Weita wa chiyani? Ukanafotokoza pachiyambi, bwenzi tili pano kuseri kwa zinyalala?"

"Akanandikana tsiku lomwelo."

"Ndiye bola akukane lero, nditakukonda kale?"

Anayang'ana pansi. Kenako anatambasula dzanja, anagwira chala changa chimodzi, monga mwa masiku onse.

"Ndiwafotokozera ntchito yanga bwinobwino. Bambo Phineas ndi munthu womva. Iwe ungondilonjeza kuti ukhala chete."

"Sindilonjeza kanthu."

"Ndaziona."

Mawu a Anti anamveka kutsogolo kwa holo, akundiitana. Ndinachotsa chala changa.

*

Pabalaza pa Anti mipando ndi inayi. Bambo Phineas anakhala pa waukulu, Anti pambali pawo, Greyson moyang'anana nawo. Wachinayi anakhalapo Willard, amene palibe anamuitana, komanso palibe anamuuza kuti adikire m'galimoto. Ine ndinamanga chitenje n'kukhala pakapeti pafupi ndi chitseko. Nkhani inali ya moyo wanga, koma mpando unasowa wa ine.

Titapemphera, Bambo Phineas anatsegula jumbo n'kutulutsa botolo limodzi, lili m'sokosi yake. Asanaliike patebulo, Anti anayalapo nyuzipepala.

"A Greyson," anayamba pang'onopang'ono, monga amayankhulira nthawi zonse, "ine pano si Phineas. Ndine malume a mwanayu. Zimene mundiuze, mukuuza a ku Linthipe. Kodi mumamwa?"

"Ndimalawa, bambo, n'kulavula."

"Osameza?"

"Osameza."

"Ngakhale dontho?"

Ndinkapemphera mumtima: nena kuti ayi, munthu iwe, nena kuti ayi.

"Dontho limatha kutsetsereka, bambo. Ndinganame."

Ndikanakhala ndi silipasi m'manja ndikanamugenda nayo.

Anafotokoza zonse: matambula amene ankatsuka, bwana wake, mayeso a mu Okutobala, chifukwa chimene dzina la vinyo liyenera kubisika. Anayankhula bwino, mosathamanga. Anti ankayang'ana khoma. Koma Bambo Phineas anali atapendeketsa mutu.

"Ndiye mukuti mukanunkhiza, mumadziwa mudzi umene wachokera?"

"Nthawi zambiri, bambo."

"Ili ndinalitola ndekha pakati pa anzake. Simukudziwa kuti ndi liti." Anagwira chotsekera.

"M'nyumba mwanga ayi!" anatero Anti.

"Mayi, sitimwa. Mphuno yokha." Anazula chotsekera n'kumupatsira botolo.

Greyson anatsinzina. Ndinaona mapewa ake akutsika, ngati munthu amene wafika kwawo.

"Wagona usiku wonse wotsegula, ndiye wafooka pang'ono. Koma mandimu akumveka, ndi mwala wonyowa. Ndi vinyo woyera wopanda shuga, bambo, wa ku Chablis, ku France."

Bambo Phineas anatsitsa sokosi, anavala magalasi, anawerenga ndi chala.

"Cha... bu... lisi." Anavula magalasi. "Aaa. Koma abale."

Kenako Willard anatsokomola.

"Chidakwa chilichonse chimadziwa fungo la mowa wake, bambo. Koma ine ndili ndi kafunso kamodzi, ngati mungandilole. Achimwenewa akuti amabisa mayina kuti iwo eni asadziwe. Ndiye kuti saveka okha, si choncho? Anzawo a m'nyumba anapita kutchuthi, tinapeza zipinda zokhoma. Amawavekera ndani?"

Bambo Phineas anagwedeza mutu.

"Funsoli ndi loona. A Greyson, tchulani munthuyo. Foni ili apo, timuimbire pompano, nkhani ithe."

"Sindingamutchule, bambo."

"Chifukwa?"

"Sindingathe basi."

"Mwana wanga, mvetsetsani. Ngati munthuyo alipo, ndiye kuti mukunena zoona. Ngati palibe, ndiye kuti mumabisa nokha, ndipo zonse mwafotokozazi ndi luso la munthu wozolowera. Ine mawu anga kwa mayiwa akhala oti ayi. Ndikufunsaninso. Ndani?"

Greyson sanandiyang'ane. Ankayang'ana nyuzipepala ya patebulo ngati muli nkhani yofunika. Thukuta linali likutsika kuseri kwa khutu lake.

"Pepani, bambo."

Anti anaimirira, anakutumula siketi.

"Ndiye tatha. Zikomo, bambo, mwagwira ntchito. Inu a Greyson, tengani katundu wanu."

Willard anali akuyang'ana ine. Osati Greyson, ine. Ankadikira kuti aone ngati ndingameze. Ndipo ndinaganiza: azibambo a kubuti aja mawa adzakhala kutsogolo, uyu wolavula adzatchedwa chidakwa mpaka imfa, ine ndili chete pakapeti ngati mphaka.

"Ndine."

Mawuwo anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira.

"Nda, usa..." anayamba Greyson.

"Khala chete, wayankhula mokwanira. Ndine, bambo. Masokosiwo ndinagula ndine pamsika wa ku Bull Ring, mapeyala atatu. Tembenuzani imeneyo. Mkati, cha kuchala, muli nambala yosoka ndi ulusi wofiira. Ndinasoka kuti ndizidziwa botolo lililonse."

Bambo Phineas anavula botolo lija, anatembenuza sokosi. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Folo," anatero.

Anti anakhalanso pansi.

"Laibulale," anatero motsitsa. "Loweruka lililonse. Ine ndikukupakira masangweji kuti usamve njala powerenga."

"Sitinachite choipa chilichonse, Anti. Chitseko chimakhala chotsegula."

"Chotsegulira ndani? Makoswe?" Mawu anakwera. "Dzulo ndinakufunsa m'maso muli gwa. Unalowamo? Unati chiyani?"

Pamenepo pokha anali ndi ufulu wonse wondikwiyira.

*

Bambo Phineas anapempha madzi. Palibe anadzuka, ndiye anapitiriza opanda madziwo.

"Ndanena kuti ndine malume, ndiye ndiweruza ngati malume. Mnyamatayu si wobisa. Ndaona ndi maso anga. Komanso analolera kutchedwa chidakwa kuti ateteze mwana wathu. Zimenezo sindiziiwala." Anatembenukira kwa ine. "Koma iwe walowa m'chipinda cha mwamuna usanaperekedwe, ndipo wanamiza mayi ako. Mawa Aston yonse idziwa." Sanayang'ane Willard, koma tonse tinamva. "Njira yotchinjiriza dzina lako ndi imodzi: chinkhoswe chichitike msanga, Sepitembala asanathe."

Ndinakweza mutu. Sindinakhulupirire.

"Koma mayiwa ali ndi bala, ndipo balalo ndi loona. Sangapereke mwana kwa munthu amene m'kamwa mwake mumalowa vinyo tsiku ndi tsiku, kaya amalavula kaya ayi. Ndiye a Greyson, siyani ntchito imeneyi. Nyumba zosamalira okalamba zikufuna anthu, ine ndikulankhulirani. Mukasiya, mawu anga ndi oti inde. Mayi, mukuti bwanji?"

Anti anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Akasiya lero, kalata ndilemba mawa. Ndi mayeso akewo asiye. Ndisadzamvenso za Chabulisi."

Maso onse anapita kwa Greyson. Anga anali kale komweko. Mawu amodzi okha, ndinkatero mumtima. Ine ndavula ulemu wanga pamaso pa anthu awa. Iwe vula apuloni basi.

Anapukuta manja pamaondo.

"Bambo, pemiti yanga yogwirira ntchito inalembedwa dzina la lesitilanti imeneyo. Ndikasiya, mapepala anga afera pomwepo. Wokwera ndege ndikhala ine."

"Zimenezo tingafunse kwa odziwa malamulo," anatero Bambo Phineas. "Mwina njira ilipo. Ine ndikufunsa mtima wanu. Pakanapanda pemitiyo, mukanasiya?"

Munthu wina aliyense akanati inde. Inde wa ulere, wosapweteka aliyense. Koma ine ndinasankha kukonda Greyson.

"Bambo, ndinafika kuno ndi chikwama chimodzi. Ndakolopa zimbudzi, ndatsuka mbale za anthu osandiyang'ana n'komwe kumaso. Ichi ndi chinthu chokhacho chimene ndikachigwira, anthu amakhala chete n'kumvetsera. Ndaziona ndimamukonda, Mulungu akudziwa. Koma ndikanena kuti ndisiya, ndinama."

"Greyson," ndinatero. Mawu anga anali ngati a mwana.

Anandiyang'ana koyamba chilowereni m'nyumbamo. M'maso mwake munali misozi, koma sanabweze mawu.

"Wamva?" Anti anandiloza ndi chala. "Wamva ndi makutu ako? Iwe wataya dzina lako chifukwa cha iye. Iye botolo sangalitaye chifukwa cha iwe."

Bambo Phineas anabweza botolo m'jumbo, sokosi pamwamba, n'kumupatsa Greyson ndi manja awiri.

"Pitani, mwana wanga. Ine pamenepa manja anga afupika."

Greyson anaima pakhomo. Ndinayamba kudzuka.

"Ukaponda panja," anatero Anti, "usadzapondenso mkati."

Ndinakhala chogwada, bondo limodzi pansi, lina m'mwamba. Kunja kunalibe pasipoti, kunalibe kalata, kunali mwamuna amene wangondikana anthu akuona. Chitseko chinatsekeka. Ndinamva geti ikulira, kenako mapazi ake akutha mumsewu.

Anti anapuma mozama n'kutembenukira kwa Willard.

"Achimwene, Lachinayi muli pa shifiti? Ndifuna mutiperekeze ku bwalo la ndege."

"Ndili pa ofu, mayi." Willard anaika makiyi ake patebulo, pamene panali botolo paja. "Koma mwina ndegeyo siyofunika. Mwanayu wangosocheretsedwa. Dzina lake likhoza kutchinjirizika ndithu, pakapezeka munthu wa mapepala abwino woti n'kuiwala zimene wamva lero." Anandiyang'ana mwachifundo, chifundo chonyansa. "Bambo Phineas akadali pano, ndipo akadali malume. Ndingalankhule nanu awiri kukhitchini?"

"Ine sindikufuna!" ndinakuwa. "Mukundimva? Ndinakana kawiri, ndikukana kachitatu!"

"Iwe wayankhula kale lero," anatero Anti. "Taona zimene zatulukapo."

Ndinayang'ana Bambo Phineas. Anazengereza, anayang'ana chitseko chimene Greyson anatulukira. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, atagwira msana, n'kutsatira Anti ndi Willard.

Chitseko cha khitchini chinatsekedwa. Ndinamva ketulo ikuikidwa pamoto, ndi mipando itatu ikukokedwa.